Oyimba athu, tsikani pa boneti

Ndiyambe ndi kupepesa kwa mnyamata uja wa suti yotuwa amene ndidamukalipira Loweruka lapitali pamalo ena omwera zoziziritsa kukhosi pafupi ndi depoti ya Wenela mumzinda wa Blantyre. Achimwene, mawu anga adali okhadzula, ndikuvomera. Koma mfundo yanga yokha sindibweza, ndipo lero ndaibweretsa pano pabwalo kuti awerengi atiweruze.

Nkhani yake idali motere. Ndidali ndi amalume anga amene adabwera kuchokera kumudzi kudzaonana ndi adokotala kamba ka chifuwa chawo chosatherapo. Podikira ulendo wobwerera, tidati tikhale pansi tinyowetseko kukhosi. Pakhoma padali kanema, ndipo pakanemapo anyamata athu oyimba ankangosinthana: uyu wakhala pa boneti ya galimoto yoyera mbee, uyo akuzunguza makiyi pachala, winayo akutsika masitepe a ndege yoti sidalize n'komwe injini. Magetsi atathima, mwini malo adatenga kawailesi kake ka mabatire n'kuika nyimbo ya Hugh Masekela yotchedwa Stimela. Isadafike n'pakati pomwe, mnyamata wa suti uja adakuwa: "Bigi, tachotsani nyimbo ya maliroyo! Ife tabwera kudzasangalala. Akayaka magetsi mutiikire za magalimoto zija."

Amalume adaika botolo pansi, maso ali kunjanji imene yadutsa chapafupi pomwepo. Kenaka adati chapansipansi: "Mphwanga, sitima akunenayo ndinakwerapo ine." Apo mpamene ndidapsa mtima.

Funso langa pa nyimbo iliyonse ya sitima, galimoto, basi kapena ndege ndi limodzi basi: kodi woyimbayo wakhala pati? Pali mpando wa dalaivala. Pali mpando wa wokwera. Pali malo a munthu wotsala pasiteji akuyang'ana fumbi la galimoto imene yamutengera mwamuna kapena mwana. Ndiye pali pa boneti. Malo atatu oyambawo abala nyimbo zimene zakhala zaka makumimakumi osasukuluka. Malo achinayiwo ndi a bodza, poti palibe munthu amayenda ulendo atakhala pa boneti. Mukaona munthu wakhala pamenepo, dziwani kuti galimotoyo yaima, ndipo kawirikawiri si yake. Chondiwawa n'chakuti oyimba athu ambiri a lero asankha malo amenewa, chikhalirecho ndife mtundu wa anthu amene mbiri yathu yonse idayenda pa mpando wa wokwera.

Tione kaye nyimbo imene achimwene athu adaitcha ya maliro. Masekela adabadwa mu 1939 ku Witbank, tauni ya migodi ya malasha ku South Africa, ndipo adakula akuona amuna ochokera kutali atabwera kudzalowa pansi pa nthaka. Adachoka m'dziko lake mu 1960 nthawi ya tsankho, ndipo Stimela idatuluka ali kunja, m'chimbale cha 1974 chotchedwa I Am Not Afraid. Pamene adaijambulanso pamaso pa anthu m'chimbale cha Hope cha 1994, chimene ambiri a ife timachidziwa, adayamba ndi kuwerenga maiko amene sitimayo inkatolako amuna. Dzina la Malawi lilimo, ndipo limamveka bwino lomwe. Amafotokoza za ntchito yakalavulagaga ya malipiro a nkhuku, za makomboni onunkha, za amuna okumbukira akazi ndi ana amene mwina sadzawaonanso, ndipo pomaliza amatsanzira ndi pakamwa kulira kwa sitima. Kulira kumeneko kumabaya mumtima. Masekela adamwalira mu 2018, koma nyimboyo idakalipo chifukwa iye adakhala pamodzi ndi okwera.

Ana a lero amayesa Wenela ndi dzina la depoti chabe. Dzinalo lidachokera ku Witwatersrand Native Labour Association, bungwe la eni migodi limene linkalemba anthu ntchito kuno. Pofika kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1970, Amalawi oposa 100,000 adali m'migodi ya ku South Africa. Amalume adalembetsa mu 1972. Ati adawavula malaya, kuwayeza pasikelo, kuwadinda chala, kenaka kuwakweza ndege ku Chileka mpaka ku Francistown m'dziko la Botswana, ndipo kuchokera kumeneko sitima mpaka ku Joni. Idali ndege yawo yoyamba, koma palibe cha ubwana chimene amakumbukirapo. Chimene amakumbukira ndi nambala imene adapatsidwa, ndi mnzawo wa pambali amene adasanza ulendo wonse akuitana dzina la amake.

Chaka chomwecho chimene Stimela idatuluka, pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela idagwa itangonyamuka ku Francistown pa ulendo wobwera ku Blantyre. Mafuta ake adali atasakanikirana ndi mafuta a mtundu wina. Amalawi oposa 70 adafera pomwepo, anthu oti adamaliza ntchito, adagula mabulangete, mawailesi ndi nsalu za akazi awo, akubwerera kwawo. Dr Kamuzu Banda adaletsa ulendo wa ku Wenela chifukwa cha ngoziyi. Kulemba anthu kudayambanso mu 1977 pansi pa dzina la Theba, n'kudzatha mu 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi. Tsono tandiuzani inu oyimba, inu oulutsa mawu: ndi kangati pamene mwana wa sukulu wamvapo dzina la Francistown m'nyimbo pawailesi zathu zambirimbirizi? Ndege yoona idagwa ndi abambo a anthu, inu n'kumajambulitsa pamasitepe a ndege yobwereka.

Oyimba a nthawi imeneyo ndikhoza kuwakhululukira. Wailesi idali imodzi yokha, ya MBC, kanema kunalibe mpaka 1999, ndipo lamulo la 1968 lidakhazikitsa bungwe lounika mabuku, mafilimu ndi nyimbo. Woyimba ankayeza mawu ake ngati mchere wa m'ndiwo za apongozi. Mu Meyi 1983 dziko lidauzidwa kuti nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu a David Chiwanga, afa pa ngozi ya galimoto ku Thambani m'boma la Mwanza. Anthu ankanong'onezana m'nyumba, koma ndani akadatenga gitala n'kuyimba za galimoto imeneyo? Zidatengera bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994 kuti linene poyera kuti anthuwo adachita kuphedwa, galimoto idali chophimbira. Koma zimenezo zidapita. Chiyambire 1994 pakamwa pathu mpotsekuka. Amene akhala chete lero alibe Kamuzu womunamizira.

N'chimodzimodzi ndi panyanja. Pa 30 Julaye 1946 sitima ya Vipya idamira kufupi ndi Chitimba, pamalo pamene atsamunda ankatcha Florence Bay, ndipo anthu 145 adatsikira kuli chete, ambiri mwa iwo anthu akuda okwera kalasi yotsika. Mlembi wathu Steve Chimombo adailembera ndakatulo yaitali, The Vipya Poem, ndipo tiyenera kumuthokoza. Koma ndakatuloyo ili m'Chingerezi, ili m'buku, ndipo adzukulu a anthu amene adamirawo ambiri buku limenelo sadzalikhudza. Chimene chimafika pakhonde la munthu wamba ndi nyimbo. Ilala yakhala ikuyenda panyanja yathu chiyambire 1951, itanyamula usipa, mbuzi, odwala, akwati ndi maliro a ku Likoma ndi Chizumulu. Munthu wa gitala atakwera kalasi yotsika kuchokera ku Monkey Bay mpaka ku Chilumba akhoza kutsika ndi chimbale chathunthu.

Musayese kuti makolo athu sankayimba za maulendo. Ankayimba, ndipo ankadziwa pokhala. Amayi pamtondo ankasinja chimanga akudandaula za amuna amene adapita ku Joni kapena ku Halale n'kusanduka matchona, osalemba ngakhale kalata. Amenewo ndi malo a wotsala pasiteji. Nashil Pichen Kazembe wa ku Zambia, m'nyimbo yake ya Chinyanja ya A Phiri Anabwera, adatisonyeza bambo wobwerera kumudzi patatha zaka zambiri atanyamula sutikesi yopanda kanthu. Sadatchule mtundu wa galimoto imene a Phiri adakwera, koma aliyense amene adadikirapo m'bale pasiteji amaiona basiyo ikuima, chitseko chikutsekuka. Ngakhale kwela weniweniyu, amene Daniel ndi Donald Kachamba a kwa Singano ku Chileka adamuphunzira ku Salisbury n'kumutengera mpaka ku Ulaya, dzina lake ndi mawu a Chizulu ofanana ndi athu oti "kwera", ndipo ku Joni galimoto ya apolisi yogwira anthu m'makomboni inkatchedwa kwela-kwela. Anyamata a zitoliro ankavina, inde, koma khutu limodzi lili kumsewu.

Mukafuna kuona chimene chimachitika nyimbo ya ulendo ikaiwala okwera ake, onani Shosholoza. Idali nyimbo ya amuna a ku Rhodesia, Zimbabwe ya lero, oyenda pasitima kupita ndi kuchokera kumigodi ya ku South Africa, ndipo inkayimbidwanso pogwira ntchito yolemetsa kuti mapiki atsikire pamodzi. Akaidi a ndale, kuphatikizapo Nelson Mandela, ankaiyimba pa ntchito ya kundende. Mu 1995, pa mpikisano wa dziko lonse wa rugby, idalowa m'mabwalo a masewera, ndipo chiyambire pamenepo yasanduka nyimbo yochemerera. Adzukulu a eni migodi amaiyimba mokondwa, botolo lili m'manja. Ena amati kumeneko ndiko kugwirizana kwa mitundu. Kaya. Ine ndikaimva pabwalo ndimafunsa kuti mwa anthu zikwizikwi akuyimbawo, ndi angati akudziwa amene adali m'sitimamo.

Ndikudziwa chimene achimwene a suti andiyankhe. Ati: "Nanga azungu sayimba za magalimoto? Bwanji ife?" Chabwino, tiyeni kwa azungu komweko. Route 66, imene Bobby Troup adalemba mu 1946 ndipo Nat King Cole adaitchukitsa, imawerenga matauni a mumsewu wochokera ku Chicago kupita ku Los Angeles. Ndi nyimbo ya pa mpando wa dalaivala, ndipo ilibe bodza, chifukwa Troup adayendadi msewu umenewo pagalimoto yake, m'dziko limene munthu wamba ankatha kugula galimoto. Jimmie Rodgers, amene ambiri amamutcha tate wa nyimbo za country, ankayimba za sitima chifukwa adagwira ntchito panjanji asadafe ndi chifuwa chachikulu mu 1933. Johnny Cash, mu Folsom Prison Blues ya 1955, ndi mkaidi womva kulira kwa sitima ali m'chitokosi, akuganizira anthu olemera amene akudya m'sitimamo. The Gambler ya Kenny Rogers ya 1978, imene timaikonda kuno ngati idabadwira ku Dedza, ndi nkhani ya anthu awiri otopa okumana m'sitima usiku, ndipo mmodzi safika kumene akupita.

Nanga Fast Car ya Tracy Chapman? Ambiri amangomva mutu wake n'kuyesa ndi nyimbo yotama liwiro. Tamverani bwino. Ndi mtsikana wosauka amene adasiya sukulu kuti asamale bambo ake oledzera, wogwira ntchito m'sitolo, woyembekeza kuti galimoto ya chibwenzi chake imuchotsa muumphawi, n'kudzaona kuti umphawiwo wakwera nawo. Adaiyimba ali yekha ndi gitala ku Wembley mu Juni 1988, pa mwambo wokumbukira zaka 70 za Mandela amene adali adakali m'ndende, ndipo dziko lonse lidatchera khutu. Janis Joplin naye, mu Mercedes Benz ya 1970, ankachita kunyoza anthu opempha Mulungu galimoto kuti afanane ndi anzawo. Ndiye amene mukuti mukuwatsanzirawo, nyimbo zawo zokhalitsa ndi za anjanji, akaidi, otchova juga ndi atsikana a m'sitolo. Inu mwatolako boneti yokha.

Kuno ku Africa, wina anganene za Franco wa ku Kinshasa ndi nyimbo yake ya Azda ya 1973, imene makolo athu adavina mpaka nsapato kutha zidendene. Ambiri, posamva Chilingala, ankayesa Azda ndi dzina la mkazi wokongola. Chikhalirecho idali nyimbo yotsatsa malonda a kampani yogulitsa magalimoto a Volkswagen. Koma Franco ndiye ankadziwa chimene akuchita: adagulitsa luso lake ndipo adalandirapo zake. Anyamata athuwa amatsatsa magalimoto a ku Germany ndi ku Japan ulele, n'kulipiranso okha ndalama yobwerekera galimotoyo kwa maola awiri. Akamaliza kujambula amabweza makiyi, n'kukwera kabaza kubwerera ku Ndirande kapena kwa Mtandire. Chikomekome cha nkuyu, mkati muli nyerere.

Yankho lachiwiri, lomwe ndi lolemerako, ndi loti munthu wosauka amafuna kulota, ndipo nyimbo ndi malo olotera. Izi sindikana. Munthu amene wathithikana tsiku lonse m'minibasi safuna kuti pofika kunyumba wailesi imukumbutsenso fungo la m'khwapa mwa mnzake. Koma kulota ndi kunama ndi zinthu ziwiri. Agogo athu a Giddes Chalamanda, m'nyimbo yawo ya Buffalo Soldier, adayimba zolakalaka kukaona America, ndipo tonse tidawakonda chifukwa ankalota ataima pamene adali, kwawo ku Chiradzulu, thumba lili pululu. Pamene adakwera ndege kupitadi ku America mu 2016, dziko lonse lidasangalala nawo. Loto la a Giddes linkauza wosauka kuti tili pamodzi. Kanema wa pa boneti amauza mwana wa sukulu kuti mnzako wafika kale, iwe ndiwe wotsalira. Mwana ameneyo ndi amene mawa agulitse njinga ya bambo ake, akwere basi ya ku Joni wopanda mapepala okwanira, akagone m'kachisakasa ku Diepsloot, n'kujambulitsa pa boneti ya galimoto ya bwana wake kuti atumize kumudzi. Bodza limabala linzake, ndipo nyimbo zathu zikuthandiza kulilera.

Tsono poti wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ife okwera tinene chimene tikufuna kumva. Tiyimbireni za minibasi ya m'mawa, anthu anayi pa mpando wa atatu, kondakitala atapachika theka la thupi panja, chenje cha mayi wogulitsa tomato chitaiwalika dala. Tiyimbireni za mnyamata wa kabaza amene amanyamula bwana wonenepa kukwera naye chitunda, miyendo ikunjenjemera, m'mimba muli madzi okha. Tiyimbireni za matola, za mayi wodwala atakhala pamwamba pa matumba a feteleza, mvula ikubwera. Tiyimbireni za basi ya ku Joni yodutsa pa Mwanza, Tete, Nyamapanda ndi Beitbridge, za mantha a pachipata, ndi za kangolo kokokedwa kumbuyo kamene nthawi zina kamabwera ndi bokosi la mwana wa munthu pakati pa mafiriji ndi matilesi. Simukusowa kulira m'nyimbo iliyonse. Mungathe kuseketsa, mungathe kuvinitsa. M'minibasi muli nthabwala zoposa za m'bawa. Chachikulu khalani pamene ife takhala.

Ndipo ngati mukufuna Stimela yanuyanu, sitima ya malasha ilipo pakhomo pompano. Njanji yochokera ku Moatize m'dziko la Mozambique, imene idatsekulidwa mwalamulo mu 2017, imadutsa m'dziko muno kudzera ku Mwanza, Neno, Nkaya ndi Nayuchi kupita kudoko la Nacala. Mabogi ake ndi osawerengeka, ndipo onse anyamula malasha. Ana a m'midzi ya m'mbali mwa njanjiyo amaima n'kumawerenga mpaka kutopa, kenaka amapitiriza ulendo wawo wa kusukulu wapansi. Kale sitima inkatenga amuna athu kupita nawo kumalasha ndi golide. Lero malasha akudutsa pakhomo pathu, ife tili chiimire. Kodi pamenepa palibe nyimbo?

Ndikudziwa kuti luso mulinalo. Pa 10 Juni 2024, pamene ndege ya asilikali idagwa m'nkhalango ya Chikangawa ndi kupha wachiwiri kwa mtsogoleri wa dziko, Dr Saulos Chilima, pamodzi ndi anthu ena asanu ndi atatu, sipadapite masiku ambiri nyimbo zachisoni zidali ponseponse. Mudachita bwino, ndipo dziko lidalira nanu. Pamenepo mudaonetsa kuti mukafuna mumatha kutsika pa boneti n'kuima pamodzi ndi ofedwa. Chimene ndikupempha n'chakuti chifundo chomwecho chifikenso kwa anthu opanda maina m'nyuzipepala: a ku Francistown, a pa Vipya, ndi awo amene timawawerenga sabata ndi sabata kuti lole yagubuduzika pochokera kumsika kapena kumaliro.

Inunso oulutsa mawu ndi eni makanema muli ndi mlandu. Woyimba amaphika chimene mukugula. Mukamaika patsogolo kanema aliyense wonyezimira, n'kukankhira nyimbo za banjo ndi gitala ku pologalamu ya pakati pa usiku yotchedwa "zakale", mukuphunzitsa ana kuti moyo wa makolo awo ndi wochititsa manyazi. Ndipo ifenso ogula tisadziyeretse. Mnyamata wa suti uja sadagwe kumwamba. Ndi mwana wathu, ndipo palibe adamuuzapo chifukwa chimene depoti imene amakwererapo basi imatchedwa Wenela.

Za amalume, chifuwa chawo adokotala ati ndi fumbi la mumgodi limene lidakhazikika m'mapapo. Mu 2019 khoti la ku South Africa lidavomereza mgwirizano wa R5 biliyoni wolipira anthu amene adadwala matenda otere m'migodi ya golide, ndipo amalume amasunga mapepala awo a ku Joni m'kathumba ka pulasitiki, pamodzi ndi nambala ija. Tsiku limenelo ndidawaperekeza kukakwera. Oitanira adawalanda chikwama asadanene n'komwe kumene akupita, ndipo adawakhazika pampando wakumbuyo, pakati pa thumba la makala ndi mayi wa mwana kumsana. Ndidawafunsa pawindo ngati akhala bwino. Adaseka, natsokomola, nati: "Usadandaule mphwanga, ife tinazolowera kulongedzedwa."

Achimwene a suti, ngati mwawerenga mpaka pano, Loweruka likubwerali ndidzakhala pamalo pomwe paja. Botolo loyamba ndidzagula ndine, koma Stimela tidzaimvera limodzi mpaka kumapeto.